Musanati mwana ndi mbuli, onani mmene mwamufunsira

(Awa ndi mawu amene mtolankhani wathu adalankhula kwa makolo, aphunzitsi ndi a makomiti a sukulu pa Chintheche, m'boma la Nkhata Bay.)

A wapampando, mafumu athu, aphunzitsi, ada ndi ama nonse, mundikhululukire zinthu ziwiri ndisanayambe. Choyamba, ndilankhula m'Chichewa pamene ambiri a inu kunyumba mumalankhula Chitonga. Ndatero chifukwa pano pali aphunzitsi ochokera m'chigawo chapakati ndi chakummwera, komanso nyuzi imene ndimalembera imafuna mawuwa m'Chichewa. Koma nkhani ya chiyankhuloyi muisunge, tibwereranso pomwepa. Chachiwiri, ine si dokotala wa zamaphunziro ayi. Ku yunivesite ndidakhalako zaka ziwiri zokha, fizi idavuta, ndidanyamula chikwama changa. Chimene ndidatulukako nacho ndi makope atatu a phunziro la kaganizidwe ka ana, ndipo ndi omwewo ndabwera nawo lero.

Chandiimika pano ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chatha adamubweza Sitandade 1. Mayi ake atawerenga lipoti adangoti, "Ameneyu mutu mulibe, tingodikira akule." Mawu amenewa mwawamvapo, ena mwa inu mwawanenapo. Ndipo tonse tikudziwa kumene amathera. Mnyamata akabwereza kalasi kawiri amatsikira kugombe kukakoka chilimira, mtsikana amakhala pakhomo mpaka wina adzamufunsire. Chigamulo chakuti mwana ndi mbuli chimaperekedwa mwana asanagwe n'komwe mano onse aubwana, ndipo palibe kochita apilo. Tsono ine ndati tione ngati mlanduwu umazengedwa bwino.

Ambiri a ife tidaphunzitsidwa motsata maganizo ena ake osadziwa kuti ali ndi mwini wake. Ku America kudali katswiri wina, B.F. Skinner, wa pa yunivesite ya Harvard, amene adamwalira mu 1990. Iye ankaika khoswe m'bokosi lokhala ndi kachitsulo. Khoswe akakadinikiza, kachakudya kamagwa, ndipo posakhalitsa khoswe uja amazolowera kudinikiza. Skinner adati kuphunzira n'kumeneko: chimene wachita chikakubweretsera zabwino, umachibwereza. Aphunzitsi akanena, ana onse n'kubwereza mokweza, wokhoza n'kumuombera m'manja, ndiye njira yomweyo. Sindikuinyoza, pakuti zilembo ndi matebulo a masamu zimalowadi motero. Komatu Skinner yemweyo adanenetsa kuti chilango sichiphunzitsa kanthu, chimangobisa khalidwe pamene wolangayo ali pafupi. Ife tidasiya kachakudya kaja n'kutola ndodo, imene mwini wake adaikana.

Munthu amene ndikufuna tikhale naye nthawi ndi Jean Piaget. Adabadwa mu 1896 ku Neuchâtel, m'dziko la Switzerland, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ngati yathu ino, ndipo ali mnyamata ankatola nkhono n'kumalemba za izo. Cha m'ma 1920 adapeza ntchito ku Paris yoyesa ana mayeso a nzeru. Anzake ankawerenga mayankho okhoza. Iye chidamugwira mtima ndi mayankho olakwa, chifukwa adaona kuti ana a msinkhu umodzi amalakwa mofanana. Adati ngati ana ambiri akulakwa njira imodzi, ndiye kuti kulakwako kuli ndi nzeru yake. Mwana si munthu wamkulu woperewera, ali ndi kaganizidwe kakekake, ndipo amamanga nzeru zake pogwira, pogwetsa, poyesa. Adayang'anitsitsa ana ake atatu kuyambira ali makanda, nayesanso ana ambiri ku Geneva, ndipo adati nzeru zimakula m'masitepe. Khanda limadziwa dziko ndi manja ndi pakamwa. Kuyambira zaka ziwiri kufika cha m'ma zisanu ndi ziwiri mwana amalankhula koma maso amamunamiza. Kenako amayamba kuganiza molongosoka pa zinthu zimene angazigwire, ndipo cha m'ma zaka 11 kapena 12 m'pamene amatha kuganiza za zinthu zongoyerekeza.

Mayeso ake otchuka ndi a madzi. Mumathira madzi ofanana m'makapu awiri ofanana, mwana n'kuvomera kuti ndi ofanana. Kenako, iye akuona, mumakhuthulira kapu imodzi m'botolo lalitali lowonda, n'kufunsanso kuti ambiri ali kuti. Mwana wamng'ono amaloza botolo. Wokhwima amati ndi ofanana, ndipo mukamufunsa chifukwa amati, "Mukawabwezera m'kapu muja adzafika pomwe paja." Kwa Piaget yankho limenelo, lotha kubweza chinthu m'maganizo, ndilo chizindikiro chakuti mwana wawoloka.

Tsono ine, pokhala ndi makope anga atatu aja, ndidati ndimuyese mwana wa mlongo wanga. Ndidamukhazika pakhonde, ndidathira thobwa m'makapu awiri. Ndidafunsa m'Chichewa, ndi mawu a uphunzitsi, ngati thobwayo ndi wofanana. Adati inde. Ndidakhuthulira kapu imodzi m'botolo, ndidafunsanso. Abale anga, mwanayo botolo sadaliyang'ane n'komwe. Adayang'ana nkhope yanga nthawi yaitali, kenako adaloza botolo. Mumtima ndidati basi, aphunzitsi sadalakwe, mwanayu sadawoloke.

Amayi anga, amene sadapite patali ndi sukulu, ankaonerera akusenda chinangwa. Adaseka kwambiri. Adati, "Iwe, mawa ulawire naye kugombe." M'mawa mwake ndidapita. Mwanayo amathandiza mayi ake kugulitsa usipa. Padabwera mayi wina ndi beseni lalikulu lotakata, nagula chigoba chimodzi. Usipa utakhuthulidwa m'beseni udangoyala pansi, ukuoneka wochepa, ndipo mayiyo adayamba kudandaula kuti amubera, awonjezere. Mwana uja adayankha m'Chitonga, mosachita mantha, kuti chigoba chidali chodzaza, beseni ndilo lalikulu, ndipo ngati sakukhulupirira abwezere usipawo m'chigoba aone. Ndidaima kukamwa kuli yasa. Limenelo ndi yankho lenileni limene Piaget ankafuna. Dzulo lake pakhonde adalephera, m'mawa mwake kugombe adakhoza, ndipo usiku umodzi sungakulitse ubongo wa mwana.

Ndikudziwa kuti mwana mmodzi si kafukufuku. Koma akatswiri adazipeza kale zimenezi. M'zaka za m'ma 1960 mayi wina wa ku America, Patricia Greenfield, adayesa mayeso a madzi omwewa pakati pa ana a mtundu wa Wolof ku Senegal. Ambiri mwa ana osapita kusukulu ankati madzi asintha, ndipo powafunsa chifukwa ena ankati, "Chifukwa mwathira ndinu." Kwa iwo mlendo wamkulu akachita chinthu pamaso pawo, ndiye kuti pali chimene wachita. Greenfield atawalola anawo kuthira okha, okhoza adachuluka kwambiri. Mu 1974 akatswiri ena awiri, Susan Rose ndi Marion Blank, adaona vuto lina: pa mayeso otere mwana amafunsidwa funso limodzi kawiri. Atachotsa funso loyamba n'kufunsa kamodzi kokha, ana ambiri adayankha bwino. Kwathu kuno zimenezi sizifuna buku. Wamkulu akakufunsa chinthu, iwe n'kuyankha, iye n'kufunsanso chomwecho, umadziwiratu kuti yankho loyamba silidamusangalatse. Mwana wa mlongo wanga poyang'ana nkhope yanga sankayeza thobwa. Ankayeza ine, kuti amalume akufuna yankho liti.

Pano ndichenjeze, kuopa kuti wina angatuluke muno akuti Piaget adanama. Mlongo wake wa mwana yemweyu, wa zaka zinayi, mukamudulira nsomba imodzi pawiri amakondwa kuti walandira zambiri, ndipo ngakhale mumufunse m'Chitonga chozama bwanji sasintha. Msinkhu ulipo ndithu, ndipo simungaukankhe ndi ndodo. Chimene akatswiri a pambuyo pake adakonza n'chakuti zaka zimene Piaget adatchula si lamulo, ndiponso kuti mwana amaonetsa nzeru zake msanga pa zinthu zimene amazigwira tsiku ndi tsiku, kusiyana ndi pa zinthu zachilendo.

Umboni umene ine umandikhutiritsa kwambiri udachokera kwa anansi athu a ku Zambia. Pa yunivesite ya Zambia padali katswiri wotchedwa Robert Serpell, amene pambuyo pake adadzakhala mkulu wa yunivesiteyo. Mu 1979 adafalitsa zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Adatenga ana a ku Zambia ndi ana a ku England, nawauza kuti atengere zithunzi zofanana m'njira zosiyanasiyana: pojambula ndi pensulo papepala, popinda waya, ndi poumba. Pa pensulo ana a ku England adapambana. Pa waya ana a ku Zambia adapambana, paja ndi ana opanga magalimoto a mawaya ngati athu omwewa. Poumba, ntchito imene onse ankaidziwa, adafanana. Tangoganizani akadayesa ndi pensulo yokha, monga zimachitikira nthawi zambiri. Lipoti likadati ana a ku Africa saona bwino maonekedwe a zinthu, ndipo likadalowa m'mabuku.

Serpell yemweyo, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, adakhala akuyendera midzi ya Achewa m'boma la Katete. M'malo mobwera ndi tanthauzo lake la nzeru, adafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti pakagwa ntchito yakutiyakuti angatume mwana uti, ndipo chifukwa chiyani. Adapeza kuti kwa Achewa nzeru zili ndi mbali ziwiri. Pali kuchenjera, ndiko kufulumira kwa mutu, ndipo pali kutumikira, ndiko kumva zimene wauzidwa n'kukhala wokhulupirika pozichita. Wochenjera wosatumikira sankamuwerengera kuti ndi wanzeru, pakuti kuchenjera kokha ndi kwa kalulu wa m'nthano. Adapezanso kuti ana amene akuluakulu ankawatama sadali kwenikweni omwe ankakhoza mayeso amene iye adabweretsa. Adawatsata ana amenewo mpaka atakula, ndipo mu 1993 adatulutsa buku lofotokoza za moyo wawo. Ambiri adasiyira sukulu panjira, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri ankadziimba okha mlandu kuti mutu wawo udali wosagwira, chonsecho m'mudzi adali anthu odalirika, olima ndi olera mabanja awo bwino.

Inu akuluakulu amene mudathawa dziko lino n'kubwerako itatha referendamu ya 1993, mawu awiri amenewa, kumvera ndi kukhulupirika, akukumbutsani zina. Adali m'gulu la ngodya zinayi za nthawi ya chipani chimodzi, pamodzi ndi umodzi ndi kusunga mwambo. Ine nthawi imeneyo ndidali ndisanabadwe, ndimangomva kwa inu. Koma ndikuona kuti kumvera kwa akuluakulu a ku Katete n'kosiyana ndi kuja. Mwana wotumidwa amayenera kuganiza m'njira: akapeza mtsinje wadzaza, kapena munthu amene amutumako kulibe, achite chiyani? Kumvera kwa ngodya zinayi kudali kotseka pakamwa, ndipo boma lino la Nkhata Bay likudziwa mtengo wake, pakuti a Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992 ndipo a Kanyama Chiume adakhala kunja zaka pafupifupi 30. Chipani chimodzi chidatha mu 1994, koma m'kalasi ndi pakhonde mwana wofunsa timamutchabe wamwano. Chonsecho makolo athu omwe adati safunsa adadya phula.

Katswiri wotsiriza ndi Lev Vygotsky wa ku Russia, wobadwanso mu 1896. Adamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha, ndipo patapita zaka ziwiri chipani cha Stalin chidatseka nthambi ya maphunziro a za ana imene iye ankagwiramo ntchito, kotero kuti zolemba zake zidasowa kwa zaka pafupifupi 20. Inu amene munkabisa mabuku pansi pa matiresi mukumvetsa. Vygotsky adati kuyeza zimene mwana angachite ali yekha n'kuyeza theka lokha. Pali zimene angathe yekha, pali zimene sangathe n'komwe, ndipo pakati pake pali zimene angathe wina wodziwa akamugwira dzanja pang'ono. Pakati pamenepo m'pamene kuphunzira kumachitikira, ndipo chimene lero wachita mothandizidwa mawa achita yekha.

Asodzi muli muno simufuna munthu wa ku Russia kuti akuuzeni zimenezi. Palibe amene amaphunzitsa mwana bwato pomulembera pabolodi. Amayamba wakhala chabe, akukapa madzi. Tsiku lina mumamupatsa nkhafi pamadzi osaya, inu muli kumbuyo mukuwongolera. Mumamulozera mtambo, mumamuuza kuti uwu ndi mwera, tibwerere. Pang'ono ndi pang'ono mumachepetsa mawu, mpaka tsiku limene amapita yekha inu muli pamchenga mukusoka ukonde, mukumuyang'ana ndi diso limodzi. Mwana amene timati sangathe kuwerenga zilembo 26 amawerenga mphepo, mafunde ndi mwezi, ndipo akalakwitsa pamenepo malipiro ake si kubwereza kalasi, ndi moyo.

Vygotsky adanenanso za mwana wolankhula yekha posewera. Piaget poyamba ankaona ngati ndi chibwana chimene chimangotha. Vygotsky adati ayi, mwanayo akudzilangiza ndi mawu amene adamva kwa akulu, ndipo akamakula mawuwo amalowa m'kati n'kusanduka maganizo. Ndiye kuti chiyankhulo ndicho nkhafi ya nzeru. Tsopano tabwerera pa chikhululuko changa chija. Mwana wa pa Chintheche, pa Kande kapena pa Tukombo amadzilangiza m'Chitonga. Mu 1968 chipani cholamula chidagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo ziyankhulo zina zidachotsedwa m'sukulu. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro udalamula kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku ndi aphunzitsi okonzekera sizidatsatire mokwanira. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Pa kusinthasintha konseku, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa kunyanja kuno amalowa m'kalasi n'kukumana ndi ziyankhulo ziwiri zimene si za mayi ake. Tamulanda nkhafi, tamukankhira pakuya, kenako tikulemba kuti sadziwa kupalasa.

Sindikunena kuti ana athu asaphunzire Chichewa kapena Chingerezi. Atonga adadziwika ku Harare ndi ku Joni chifukwa cha sukulu, ndipo palibe kholo muno limene lingafune mwana wake atsekeredwe m'mudzi. Ndikunena za poyambira. Mwana amene wagwira bwino ganizo m'chiyankhulo chake savutika kulipatsa dzina latsopano. Amene sadaligwire amangoloweza phokoso.

Aphunzitsi, ndikuona nkhope zanu, ndipo ndikudziwa funso lanu. Sukulu ya pulaimale itakhala yaulere mu 1994, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo kalasi ya ana oposa 100 si chachilendo. Munthu mmodzi angagwire bwanji manja 100? Sangathe. Ine ndidapita kukaonana ndi aphunzitsi a mwana wa mlongo wanga nditakonzeka kukangana, koma ndidapeza mayi wotopa, wochokera kutali, wosamva Chitonga, ali ndi ana odzaza mpaka pakhomo. Ndidabweza mawu anga. Koma Vygotsky sadati wogwira dzanja akhale mphunzitsi yekha. Adati ngakhale mwana mnzake wodziwako pang'ono akhoza. Ndipo njira imeneyi si yachilendo kuno. Dr Robert Laws atasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera pa Bandawe pompa mu 1881, azungu adali owerengeka chabe. Sukulu zidafalikira m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja chifukwa ophunzira otsogola ankatumidwa kukaphunzitsa anzawo. Clements Kadalie wa ku Chifira, wobadwa mu 1896, chaka chimodzi ndi Piaget ndi Vygotsky, adali akuphunzitsa kale asanakwanitse zaka 20, ndipo mu 1919 adayambitsa ku Cape Town bungwe la apantchito la ICU limene lidagwedeza South Africa. Adachokera pamchenga womwewu.

Tsono pempho langa kwa a makomiti ndi lakuti mukambirane ndi ahedi kuti masana amodzi pa sabata ana a Sitandade 6 ndi 7 azikhala ndi a Sitandade 1, wamkulu mmodzi ndi ang'ono atatu kapena anayi, akuwerenga ndi kuwerengera m'Chitonga, ndi miyala, zitsekerero za mabotolo, ngakhale usipa wouma ngati amayi alola. Sizifuna ndalama za boma kapena galimoto la bungwe. Ndipo aphunzitsi, musanalembe kuti mwana walephera, mufunseni kamodzi kokha, pa chinthu chimene amachidziwa, mnzake womasulira ali pambali, ndipo mumulole athire yekha. Akalepherabe, lembani, mwazenga mlandu mwachilungamo.

Kwa ife makolo ndi amalume ntchito ndi yochepa koma yovuta pakamwa. Mwana akayankha zolakwa, tisafulumire kunena kuti walakwa. Timufunse kuti wadziwa bwanji, kenako tikhale chete timve. Ine ndidayesa sabata yatha. Ndidamufunsa mwana uja, m'Chitonga tsopano, chifukwa chimene adalozera botolo tsiku lija. Adati ankadziwa kuti thobwa ndi yemweyo, koma adaganiza kuti amalume a ku yunivesite sangafunse chinthu chophweka chotero popanda msampha. Chaka chino aphunzitsi ake amukhazika pafupi ndi mtsikana wina wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri, ndipo mayeso a teremu ino sadalembe, kotero sindikulonjezani kanthu.

A wapampando, ndaona dzuwa lapendeka, ndipo a siginala ena kumbuyoko ayamba kale kusuzumira kunyanja, nyali zikuwadikira. Ndiime pomwepa kuti mafunso alowe. Amene akufuna kufunsa m'Chitonga afunse, ndiyankha momwemo.